Tapatsidwa mphunzitsi mmodzi owonjezera: tigawe kalasi kapena azithandiza ana otsalira?

Funso lachokera kwa a hedi a sukulu ina ya pulaimale, akuti: "Tapatsidwa mphunzitsi mmodzi owonjezera. Anzanga mu sitafu akuti tingogawa pakati kalasi yomwe yadzadza kwambiri, koma ine ndimafuna pakhale mphunzitsi wapadera othandiza ana amene akutsalira pa kuwerenga ndi masamu. Tili ndi mphunzitsi wina amene kalasi imamukanika, ndiye ndimati iyeyo timupatse ana otsalirawa poti ndi ochepa, watsopanoyu atenge kalasi yake. Ndikuganiza bwino?"

A hedi, zoti pakhale mphunzitsi othandiza ana otsalira ndikugwirizana nazo ndi mtima onse. Koma zoti ana amenewa muwapatse mphunzitsi amene kalasi ikumukanika, apo pokha ndikukukanizani, ndipo ndikhalitsa pamenepo chifukwa ndi pomwe masukulu ambiri amagwera, olo kumayiko olemera komwe.

Tiyambe ndi anzanu aku sitafuwo, sakulakwa kudandaula, kalasi yodzadza imatopetsa zedi, munthu umaweruka mawu atasasa makope osachonga ali mulu. Koma kugawa kalasi pakokha sikusintha kaphunzitsidwe. Izi zinayesedwa kumadzulo kwa Kenya kuyambira 2005, ofufuza Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anatsatira masukulu omwe analandira mphunzitsi owonjezera wa kalasi yoyamba, ana pa kalasi anatsika kuchoka pa 82 kufika pa 44, koma ana omwe anatsala ndi aphunzitsi akale aja mamalikisi awo sanakwere kwenikweni, mwa zina chifukwa akalewo ataona kuti kwabwera mnzawo anayamba kulowa mkalasi mwa apo ndi apo. Pomwe panaoneka phindu kwa ana onse ndi mmasukulu omwe anagawa ana potengera pomwe mwana wafika, oyamba kumene paokha, otsogola paokha, magulu onse awiri anapita patsogolo. Mphunzitsi akakhala ndi ana 80 amaphunzitsa mothamangitsa silabasi akuyang'ana ana khumi okweza manja aja, mukamupatsa 40 amaphunzitsa chimodzimodzi akuyang'ana asanu okweza manja, mwana osadziwa malembo uja ali pomwepo pakona akukopera za pabolodi ngati akujambula maluwa. Pokhapokha ngati kalasi yanuyo yafika poti ana akumbuyo samva nkomwe mawu a mphunzitsi, apo ndiye igaweni kaye, imeneyo ndi nkhani ina.

Vuto la mwana otsalira ndiloti sakhala malo amodzi, mpata wake ndi anzake umakula chaka ndi chaka. Katswiri wina wa za kuwerenga, Keith Stanovich, mu 1986 anatchula zimenezi dzina lochokera pa mawu aja a mu Mateyu oti amene ali nazo adzamuwonjezera, amene alibe adzamulanda ndi zochepa zomwe ali nazo. Mwana odziwa kuwerenga amawerenga zambiri, amatola mawu atsopano, kuwerenga kumamukomera, amawerenganso. Osadziwayo buku amalithawa, ndiye pofika sitandade 4 pomwe maphunziro onse ayamba kudalira kuwerenga, amalephera sayansi, amalephera masamu a chiganizo, aphunzitsi nkumati mwanayu ndi mbuli pa chilichonse pomwe chamukanika ndi chinthu chimodzi chomwe chinamudutsa ali sitandade 1. Ndipo ana otere si ochepa ayi. Lipoti la World Bank ndi mabungwe anzake la 2022 linayerekeza kuti mmayiko osauka ndi apakatikati ana 70 pa 100 aliwonse a zaka 10 sangawerenge ndi kumvetsa kankhani kosavuta. Ndiye mukadzawayesa ana anuwo musadzadabwe kupeza kuti otsalira si ochepa ngati mmene mukuganizira.

Tsopano za mphunzitsi uja. Ndikumvetsa mmene mwaganizira, mukuti ana ochepa sangamusokose ngati kalasi yonse, komanso mukhala mwathetsa madandaulo a makolo a kalasi yake ija. Koma taonani chomwe chichitike, ana amene akusowa mphunzitsi waluso kuposa wina aliyense pasukulupo ndi amene mwawapatsa mphunzitsi ofooka kuposa onse. Ku England anaphunzira zimenezi mowawa. Boma linalemba anthu ambirimbiri othandizira mkalasi, omwe sanali aphunzitsi ophunzitsidwa mokwanira, ndipo mwachibadwa ankawakhazika pambali pa ana ovutika. Gulu la Peter Blatchford la ku Institute of Education ku London linatsatira ana oposa 8,000 pa kafukufuku yemwe anayamba mu 2003, ndipo linapeza zomwe palibe ankayembekezera: ana omwe ankathandizidwa kwambiri ndi anthuwa ankapita patsogolo mochepera kuyerekeza ndi ana ofanana nawo omwe sankathandizidwa kwambiri. Sikuti othandizirawo anali aulesi. Chinkachitika nchoti mphunzitsi wa kalasi ankangoti uyu ali naye omusamala, nkumusiya, mwana nkumatha tsiku lonse osalankhulana ndi mphunzitsi weniweni, ndipo othandizira uja mwa chifundo ankathamangira kuti ntchito ithe, kumuuzira mwana ansala, kope nkumaoneka lodzadza mutu mulibe kanthu.

Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa kuima kutsogolo kwa kalasi, chifukwa ndi ntchito yofufuza. Tiyerekeze mwana mwamupatsa 52 kuchotsa 17, walemba 45. Mphunzitsi wamba angothetha nkulemba ansala yolondola pambali. Waluso aona kuti mwanayu sanalote ayi, ali ndi lamulo lake lomwe akutsata, pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 7 kuchotsa 2, 5 kuchotsa 1, ndiye vuto lake ndiloti sanamvetse kuti 5 uja akuimira makumi asanu ndipo khumi limodzi lingamasulidwe, ndiye akufunika timitengo tomanga mmitolo ya khumi khumi amasule yekha ndi manja, osati masamu ena makumi awiri ofanana omwewo. Pa kuwerenga nchimodzimodzi. Ana atatu onse "sakutha kuwerenga", koma oyamba sadziwa liwu la lembo lililonse, wachiwiri malembo akuwadziwa koma kuphatikiza m ndi a kuti atulutse ma kukumukanika, wachitatu amawerenga tsamba lonse bwinobwino mpaka mutaphimba chithunzi nkumulozera mawu a pakati, ndi pomwe mumazindikira kuti analoweza pamtima ngati nyimbo. Atatuwa mankhwala awo ndi osiyana. Munthu amene akulephera kuona zomwe zikuchitika mkalasi mwake sangazione izi, ndipo ana otsalira ambiri amakhala atatopa kale ndi kulephera, ena amwano ena osalankhula, amafuna munthu odekha komanso odziwa kugwira ana, lomwe ndi luso lomwelo lomwe mnzanuyo likumusowa.

Ku Finland, komwe anthu amakonda kukutchula pa nkhani za maphunziro, mphunzitsi wa ntchito imeneyi amakhala ndi digiri ya masitazi komanso maphunziro apadera a ntchitoyi, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu aliwonse amalandirako thandizo la maola ochepa lotereli, makamaka mmakalasi oyambirira. Poti odutsako ndi ambiri choncho, palibe mwana amaona ngati chilango, amapita, vuto likatha amabwerera.

Mwina muti, nanga si ndamva kuti ku India atsikana ongomaliza sekondale anakwanitsa? Zoona. Bungwe la Pratham linkatenga atsikana a mdera lomwelo, kuwaphunzitsa masabata awiri okha, nkuwapatsa ana 15 kapena 20 otsalira kwa maola awiri patsiku, ankawatchula balsakhi, kutanthauza bwenzi la mwana. Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi anzawo anayeza pologalamuyi ku Vadodara ndi ku Mumbai ndipo anapeza kuti ana anapita patsogolo, makamaka otsalira kwambiri aja. Maganizo amenewa ndi omwe anakula nkukhala njira yotchedwa Teaching at the Right Level, kutanthauza kuphunzitsa mwana kuyambira pomwe wafika, ndipo ku Zambia akuwagwiritsa ntchito mu pologalamu ya Catch Up. Koma onani kusiyana kwake, atsikanawo sanangotayidwa mchipinda kuti onani chochita, anali ndi ndondomeko yolembedwa kale, zipangizo, ntchito imodzi yokha yomveka bwino, ndi anthu owayendera. Ndiye pamafunika chimodzi mwa ziwiri, munthu waluso kwambiri kapena ndondomeko yolimba yokhala ndi omuyang'anira, zikakhala zonse ndiye bwino kwambiri. Mmene mwafotokozera inu palibe chilichonse mwa ziwirizi.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatenga mphunzitsi amene aliyense pasukulupo amadziwa kuti ana ake a sitandade 1 kapena 2 amatuluka akuwerenga, ameneyo ndiye akhale othandiza otsalira, watsopanoyu alowe mkalasi mwake. Ndikudziwa kuti zipweteka, makolo adandaula, mwininso mwina aona ngati mwamutsitsa, ndiye mukambe naye bwino ndipo munene pamaso pa sitafu yonse kuti mwamusankha chifukwa ndi katswiri. Ndipo apa ndi pomwe vuto la mnzanu ofooka uja lipezerenso thandizo, chifukwa mbali ina ya ntchito ya mphunzitsi othandizayu ndi kulowa mmakalasi a anzake, kuphunzitsa limodzi, kuonetsa mmene amagawira ana mmagulu, mmene amafunsira mafunso kuti asamangoyankha omwewomwewo. Mapiriyodi awiri kapena atatu pa sabata mkalasi mwa mnzanuyo amuthandiza kuposa kumubisa kuchipinda cha ana asanu ndi mmodzi.

Za kagwiridwe kake. Asayambe ndi kuphunzitsa, ayambe ndi kuyesa mwana mmodzimmodzi, pakamwa, osati mayeso olemba. Pepala limodzi ndilokwana, pamwamba malembo, kenako mawu, kenako ziganizo zinayi, pansi kankhani, mwana aliyense mphindi zisanu, mumalemba pomwe wakanikira basi. Masamu chimodzimodzi, kuzindikira manambala, kuchotsera, kugawa. Musadalire mndandanda omwe aphunzitsi a makalasi angakupatseni okha, chifukwa iwo amatchula ana osokosa, kamtsikana kofatsa kokhala pakati komwe sikavuta munthu kamatha zaka zitatu kosadziwa lembo olo limodzi wina osazindikira.

Akatero apange magulu ang'onoang'ono potengera pomwe mwana wakanikira osati kalasi yake, ana anayi mpaka asanu ndi mmodzi kwa ovutikitsitsa, okulirapo kwa amene angotsala pang'ono. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola awiri kamodzi pa sabata, mwana oiwala msanga amafuna kubwereza mawa lomwelo. Ndipo pakhale tsiku lotulukira, teremu imodzi kenako muyesenso ndi pepala lomwe lija, amene wafika abwerere, malo ake alowe wina. Gulu lomwe ana amalowa osatulukamo lasanduka kalasi ya ana osiyidwa, ndipo ana anzawo sachedwa kulipatsa dzina lonyoza. Mwana amene wapanga materemu awiri osasuntha ndiye ofunika kumuyang'ana mwapadera, osati kumubwerezera zomwezo kachitatu.

Chinthu china chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi taimutebulo. Mwana ovutika kuwerenga amamutulutsa nthawi ya phunziro la kuwerenga lomwelo, ndiye walandira mphindi 30 wataya mphindi 30, palibe chawonjezeka. Thandizoli likhale pamwamba pa phunziro la mkalasi. Komanso musamamutulutse tsiku lililonse nthawi ya masewero kapena zojambula, mwina ndi phunziro lokhalo lomwe mwanayo amawala, mukamulanda limenelo sukulu yonse aida. Muzisinthasintha, kapena mupeze nthawi ana asanalowe kapena atangoweruka ngati makolo avomera.

Mphamvu zambiri zipite ku makalasi ang'onoang'ono. Ndikudziwa kuti mtima wa hedi aliyense umakhala pa kalasi ya mayeso chifukwa ndi pomwe sukulu imatchukira kapena kunyozekera, ndipo mudzamva mawu oti mphunzitsiyu azikathandiza ku kalasi yomaliza. Kanani. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene malembo amusokoneza mungamukoke pa masabata ochepa, wa zaka 13 pamafunika nthawi yaitali chifukwa mukulimbana ndi manyazi omwe, ngakhale naye sitimutaya, gulu limodzi la akuluakulu osatha kuwerenga likhalepo ndithu, pa nthawi yoti anzawo asamawaonerere.

Asanagamule kuti mwana mutu wake ndi ovuta, mphunzitsiyu aone kaye zinthu zapafupi. Kodi mwanayu amaona pabolodi, kapena amatsinzinira nkumakopera kwa mnzake? Akamuitana chakumbuyo amatembenuka? Khutu lotuluka mafinya limagonthetsa mwana pang'onopang'ono, ndipo mwana osamva bwino sangasiyanitse maliwu a malembo. Kaundula akuti wajomba masiku angati? Chilankhulo cha mkalasi ndi chomwe amalankhula kunyumba? Ndinakumanapo ndi mnyamata amene anabwereza kalasi kawiri akutchedwa ogona, kumuyesa pafupi ndi pepala la zilembo zikuluzikulu anawerenga bwinobwino, vuto linali maso, ndipo zaka ziwiri zija palibe amene akanamubwezera. Zinthu ngati izi sizifuna katswiri, zimafuna munthu amene ali ndi nthawi yokhala pansi ndi mwana mmodzi, yomwe mphunzitsi wa kalasi alibe.

Pali ana ena amene maso ali bwino, makutu ali bwino, sajomba, pokamba nkhani ndi anzeru zedi, koma malembo amawazunza ndithu, vuto lomwe limatchedwa dyslexia. Mphunzitsi wanuyu asathamangire kumata mwana dzina limeneli, si ntchito yake, ndipo kutembenuza b ndi d kokha si umboni, ana ambiri oyamba kumene amatero nkusiya okha. Chomwe angachite ndi kuphunzitsa maliwu a malembo mwadongosolo, pang'onopang'ono, mobwereza, zomwe zimathandiza ana otere komanso ena onse, nkumasunga zolemba kuti akadzafika kwa akatswiri pakhale poyambira. Komanso musamusandutse katswiri wa zonse. Mwana osaona ofuna zilembo za braille, kapena osamva ofuna chilankhulo cha manja, amafuna mphunzitsi ophunzira zimenezo, wanuyu ntchito yake ndi kulumikiza mwanayo ndi thandizo loyenera ndi kuonetsetsa kuti mkalasi sakuiwalidwa. Chikalata cha ku Salamanca ku Spain cha 1994, chomwe maboma 92 anagwirizana, komanso ndime 24 ya pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu olumala, zonse zimati ana aziphunzira limodzi mmasukulu wamba koma thandizo lomwe akufuna liziwapeza komweko. Kungomulowetsa mwana mkalasi popanda thandizolo ndi theka chabe la zomwe analonjeza.

Njira yophunzitsira nayo muyiyang'ane, musangoti poti gulu ndi laling'ono ndiye zitheka. Pologalamu yotchuka ya Reading Recovery, yomwe anayambitsa Marie Clay ku New Zealand mzaka za mma 1970, inkapatsa mwana mphunzitsi wakewake mphindi 30 tsiku lililonse kwa masabata 12 mpaka 20, ndipo pomaliza ana ankaoneka kuti akwera ndithu. Koma kafukufuku wa ku University of Delaware ku America yemwe anatuluka mu 2022 anapeza kuti pofika giredi 3 ndi 4 ana omwe anadutsamo ankakhoza mochepera kuyerekeza ndi anzawo ofanana nawo omwe sanadutsemo. Akatswiri amatsutsanabe za chifukwa chake, koma ambiri amaloza chizolowezi cholimbikitsa mwana kulota mawu poyang'ana chithunzi kapena lembo loyamba mmalo mowerenga malembo onse, zomwe zimayenda pa timabuku ta zithunzi koma zimakanika mabuku akakula. Ine phunziro lomwe ndimatengapo ndiloti mwana aphunzire kumasula mawu yekha lembo ndi lembo, komanso mukamutulutsa mgulu muzimuyesabe teremu iliyonse kwa chaka, asabwerere mwakachetechete pomwe anachoka.

Tsopano chomwe chimapha ntchito imeneyi mmasukulu ambiri chili mmanja mwanu a hedi, osati mwa mphunzitsiyo. Tsiku lina mmawa mphunzitsi wa sitandade 5 wadwala, kalasi ili yokha ikusokosa, inu mwayang'ana pa taimutebulo mwaona munthu mmodzi "alibe kalasi", mwamutuma. Mawa wina wapita ku semina, mwamutumanso. Kenako kulemba malipoti, kuyang'anira mayeso, kuwerenga mabuku a mu sitolo ya sukulu, pofika pakati pa teremu magulu aja akumana kasanu kokha ndipo anzanu aja ayamba kunena kuti tinanena ife, bola tikanagawa kalasi. Ndiye lembani pa pepala, ipachikidwe mu ofesi, kuti mphunzitsiyu ali ndi makalasi ake ngati wina aliyense ndipo salowa mmalo mwa ojomba, tsiku lovuta mulowe ndinu kapena achiwiri anu. Mumupatsenso kanthawi kokhazikika sabata iliyonse, olo mphindi 15, kokumana ndi mphunzitsi wa kalasi wa mwana aliyense, kuti zomwe mwana waphunzira kugulu azikazipezanso mkalasi, ndipo muzinena mobwereza kuti mwanayo ndi wa mphunzitsi wa kalasi, uyu akungothandizira. Mukangomva mphunzitsi akuti "ana ako aja" dziwani kuti zayamba kupotoka.

Makolo muwaitane gulu lisanayambe, asamve kwa mwana kuti amandichotsa mkalasi. Muwaonetse pepala lija, apa ndi pomwe mwana wanu wafika, apa ndi pomwe tikufuna afike pakutha pa teremu, ndipo chomwe tikupempha kwa inu nchoti asajombe komanso madzulo azikuwerengerani mokweza mphindi khumi, olo inuyo musadziwe kuwerenga, kumvetsera kokhako kumamulimbitsa mtima.

Kwa anzanu aku sitafu omwe amafuna kugawa kalasi, musalimbane nawo ndi mawu. Masabata awiri oyamba mphunzitsiyu ayese ana onse a sitandade 1 mpaka 4, muike manambala patebulo pa miting'i ya sitafu, ana angati pa kalasi iliyonse sadziwa malembo, angati amawerenga mawu okha, angati amafika pa kankhani, ndipo mugwirizane pomwepo kuti pakutha pa teremu mudzayesanso ndi pepala lomwelo. Ku kalasi yodzadza ija ndi komwe magulu oyamba achokere, kuti mphunzitsi wake akhale oyamba kumva kupepukidwa.